Boti la Theka la Tsiku: Mmene Kuwedza Kunakhalira Ulendo Wolipira

Nsomba ya m'nyanja ya mchere imene anthu ambiri a ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa amaidziwa ndi karapao, ndipo amakumana nayo itauma gwa mufiriji ya m'shopu. Ena amadziwanso bakayawo, nsomba yothira mchere yochokera kuchigwa cha Shire ndi ku Mozambique. Koma kugombe la dziko lomwelo la Mozambique, ku Vilankulo ndi ku Inhassoro, kuli bizinesi ina ya nsomba yosiyana kotheratu ndi ya pamsika wa Limbe. Munthu amalipira mwini boti kuti amutengere panyanja kwa maola anayi kapena asanu, amubwereke ndodo, chingwe ndi nyambo, ndi kumufikitsa pamene nsomba zili. Ikagwidwa nsombayo amaijambula, nthawi zambiri n'kuibwezera m'madzi. Mayi wa ku Machinjiri amene wagula kamulu ka usipa atanenerera sangamvetse kuti munthu walipira ndalama zambiri kuti ataye ndiwo. Komatu mwambo umenewu unafika ku Malawi kalekale, ndipo likulu la okonda masewerawa linali Blantyre yemweyu.

Azungu asanabwere, kugwira nsomba inali ntchito. Anyanja, Atonga ndi Ayao a m'mphepete mwa nyanja ankasema mabwato, kuluka makoka ndi ulusi wa zomera, ndi kutchera miono m'mitsinje pamene mpasa ndi ntchila zikukwera kukaswana. Azungu oyamba amene anawalipira kuti awaperekeze pamadzi sanali owedza ayi, anali ofufuza malo ndi amishoni. David Livingstone anafika panyanja mu 1859, ndipo mu 1875 amishoni a Livingstonia anakhazikika ku Cape Maclear ndi sitima yawo ya Ilala. Aliyense wa iwo ankadalira munthu wa pamalopo wodziwa nthawi imene mwera umakuntha ndi gombe limene kuli ng'ona.

Kuwedza kosangalatsa kunayambira kumapiri. Atsamunda a ku Zomba ndi Blantyre analakalaka nsomba ya kwawo yotchedwa trout, yomwe imafuna madzi ozizira, ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 anaithira mumtsinje wa Mulunguzi paphiri la Zomba. Pambuyo pake inafika m'mitsinje ya paphiri la Mulanje ndi m'madamu a ku Chelinda ku Nyika. M'madamu a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje anathiramo ina ya ku America, black bass. N'zoseketsa ndithu: m'dziko lokhala ndi nyanja ya mitundu ya nsomba mazanamazana, akuluakulu a boma ankakwera phiri kukanyengerera nsomba yobwera ndi nyambo ya nthenga. Mmalawi pamalo amenewo anali wonyamula dengu ndi mlonda wa dziwe. Chiphaso chowedzera sichinali cha iye. Bungwe la Angling Society of Malawi ndilo linadzapitiriza mwambo wa mipikisano yowedza dziko litalandira ufulu.

Kunyanja nako zinthu zinali kusintha, koma mwa njira ina. M'zaka za m'ma 1930 abale a banja la Yiannakis ochokera ku Greece anayamba usodzi wa malonda kumwera kwa nyanja, bizinesi imene mu 1968 inapita m'manja mwa Maldeco. Mu 1939 akatswiri atatu, Bertram, Borley ndi Ethelwynn Trewavas, anachita kafukufuku wa nsomba za m'nyanjayi, ndipo nkhondo yachiwiri itatha Rosemary Lowe anatha zaka pafupifupi ziwiri akuphunzira za chambo. Malole a chambo anayamba kupita ku Limbe ndi Blantyre, kumene antchito a njanji ndi a m'mafakitale ankachuluka. Alendo nawo anayamba kubwera: mu 1949 ndi 1950 ndege za BOAC zotera pamadzi zinkaima ku Cape Maclear paulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg. Mahotela a m'mphepete mwa nyanja anayamba kusunga maboti a injini otengera alendo kukawedza mmawa n'kubwerako dzuwa lisanafike paliwombo.

Apa panali vuto limene alendo analizindikira msanga. Chambo, mfumu ya pambale, si nsomba ya mbedza kwenikweni. Chimadya tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi ndipo chimagwidwa ndi ukonde. Wofuna nsomba yolimbana ndi chingwe ankalozeredwa ku ncheni, yomwe imathamangitsa usipa ndipo imaluma nyambo yokokedwa kumbuyo kwa boti, kapena ku kampango wokhala pansi pakuya pafupi ndi miyala. Yotamandika koposa inali mpasa, imene azungu anaifanizira ndi salmon chifukwa imakwera mitsinje, makamaka Bua wa ku Nkhotakota. Nsomba ya mano ngati misomali imene owedza a ku Zimbabwe amaithamangira ku Kariba, kumene mpikisano wake unayamba mu 1962, m'nyanja ya Malawi mulibe. Mathithi a mtsinje wa Shire amaitsekera njira, moti mumtsinjewu imapezeka kumunsi kwa Kapichira kokha, ku Chikwawa ndi Nsanje, ndiponso ku Cahora Bassa ku Tete, damu limene linatha kumangidwa mu 1974.

Ofuna madzi a mchere enieni ankalowera ku Mozambique. Mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, sitima ya pamtunda inkachoka ku Limbe mpaka ku Beira osaduka. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 hotela ya pachilumba cha Santa Carolina, pafupi ndi Bazaruto, inatchuka kwa azungu a ku Rhodesia, South Africa ndi Nyasaland. Maboti akuluakulu ankapita kutali tsiku lonse kukasaka marlin, koma ulendo wotsika mtengo unali wa pafupi ndi gombe, m'mphepete mwa matanthwe a pansi pa madzi ndi m'makwalala a pakati pa zilumba. Kumeneko kumagwidwa kingfish, yomwe Apwitikizi amati xaréu, komanso serra, barracuda ndi garoupa. Ulendo wotere umatha theka la tsiku pa chifukwa chomveka: madzi a m'nyanja ya mchere amadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, nsombazi zimadya kwambiri madzi akamayenda, ndipo masana mphepo imakula. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inazimitsa zonsezi. Njanji ya ku Beira inaduka, hotela ija inasanduka bwinja, ndipo maboti a alendo anabwereranso pambuyo pa mtendere wa mu Okutobala 1992.

Pa zaka zomwezo ku Cape Maclear kunachitika chinthu chimene, mwa kuona kwanga, ndicho chinapatsa ulendo wa theka la tsiku nkhope ya Chimalawi. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kuwedza pafupi ndi zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo kunaletsedwa pofuna kuteteza mbuna. Anyamata a m'mudzi wa Chembe, ana a asodzi, anapeza kuti nsomba yamoyo ikhoza kugulitsidwa tsiku ndi tsiku popanda kuitha. Amatenga alendo kupita ku Thumbi kapena ku Otter Point, amawapatsa magalasi oonera pansi pa madzi, amanyenya buledi kuti mbuna zisonkhane, kenako amaliza likhweru n'kuponya kansomba kuti nkhwazi itsike mumtengo. Wofuna kuwedza amamutengera kunja kwa malire a paki ndi chingwe cha pamanja. Nzeru imene akugulitsa ndi yomweyo ya agogo awo, ya mphepo ndi kuya kwa madzi, kungoti tsopano ili ndi mtengo wokambirana pagombe.

Nsomba zenizenizo zakhala zikuchepa. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo n'kumene makomiti a m'magombe anayambira mu 1993, lamulo latsopano la usodzi lisanabwere mu 1997. Ntchila, yomwe kale inali yosasowa pamsika, ana ambiri a m'tauni sanaionepo. Mpasa nayo yavutika ndi dothi lokokoloka komanso maukonde otchingira pakamwa pa mitsinje, n'chifukwa chake owedza a ku Bua, m'nkhalango ya Nkhotakota imene African Parks inayamba kuyang'anira mu 2015, amaibwezera m'madzi. Kuchepa kwa nsomba za m'nyanja yathu n'kumenenso kwatsegulira karapao khomo la m'makomboni.

Chatsopano kwambiri m'nkhaniyi ndi amene akukwera botilo. Msewu wa ku Mangochi nthawi ya Khirisimasi, Pasaka ndi tsiku la anakubala mu Okutobala umadzaza ndi maminibasi a hayala ochokera ku Chilomoni, Bangwe ndi Ndirande: makwaya, magulu a banki m'khonde, ana a sukulu, anzake a kuntchito amene asonkherana kwa miyezi. Akafika amasonkhanso za boti, kuvala majekete opulumutsira, ndi kuzungulira chilumba foni zili m'mwamba. Owedza pakati pawo ndi ochepa, ndipo amenewo nthawi zambiri ndi abambo amene anaphunzira ali ana ndi nyongolotsi ndi kabango m'mphepete mwa Mudi kapena padamu la Chiwembe. Iwowa za kubwezera nsomba m'madzi sazimva. Kampango akagwidwa amakwera nawo minibasi, ndipo amene sanagwire kanthu amaimitsa dalaivala pamsewu, kugula chambo chomangidwa pachingwe, n'kuchikoleka kutsogolo kwa galimoto kuti mphepo izichiziziritsa mpaka ku Blantyre.