Kuyenda Awiri Si Mantha: Mbiri ya Ulenje M'dziko la Mwase

Mwezi wathawu ndidalandira kalata yochokera kwa mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa Sitandade 8 zaka zambiri zapitazo. Lero ndi bambo wa ana atatu, ndipo akukhala ku America, m'chigawo cha Colorado. Anzake a kuntchito amuitana kuti akasake nawo nyama yotchedwa elk m'mapiri a Rocky. Nyama imeneyi ili m'gulu la agwape, koma ndi yaikulu zedi: yamphongo imatha kupitirira makilogalamu 300, ndipo nyanga zake zimachita nthambi ngati mtengo. Funso lake lidali lakuti: "Aphunzitsi, kodi ndilipire munthu wodziwa mapiriwo kuti atitsogolere, kapena tingopita tokha ndi mapu a pa foni? Wotsogolerayo akufuna madola zikwi zingapo."

Nditawerenga kalatayo ndidaseka ndekha, pakuti funso limeneli si la ku America kokha ayi. Makolo athu kuno ku Kasungu adalimbana nalo kalekale, fodya wa m'maesiteti asadafike, pamene zigwa zimene lero zadzaza zigafa ndi mabalani zidali nkhalango ya misuku ndi mitondo. Tsono ndati ndimuyankhe mnyamatayu poyera, kuti nanunso awerengi anga mumve m'mene nkhaniyi idayendera kwathu kuno.

Kale munthu wofuna nyama adali ndi njira ziwiri. Yoyamba idali uzimba, kusaka kwa mudzi wonse kapena midzi ingapo pamodzi. Uzimba unkachitika anthu atakolola, udzu utauma, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Sunkayamba mwachisawawa. Tchire lililonse lidali ndi mwini wake, ndipo iye ndiye ankalengeza tsiku, kuthira nsembe ya ufa kwa mizimu, ndi kunena mbali imene moto uyambire. Usiku woti mawa kuli uzimba amuna ankadzisunga, ndipo akazi otsala pamudzi ankayenera kukhala modziletsa, popeza anthu ankakhulupirira kuti chisembwere cha kumudzi chimavulaza mlenje kutchire. M'mawa kukacha, amuna ndi anyamata ankatuluka ndi mikondo, mauta, zibonga, maukonde ndi agalu, aliyense n'kuima pamene wauzidwa. Akulu adati nkhanga zidapangana kusadapse. Nawonso alenje ankapangana moto usadayatsidwe, chifukwa woima polakwika ankatha kulasidwa ndi mnzake kapena kuzingidwa ndi malawi.

Njira yachiwiri idali ya mlenje woyenda yekha, wa misampha, makhwekhwe ndi mbuna, ndipo pambuyo pake wa mfuti ya gogodela. Ubwino wake udali woonekeratu. Ankanyamuka tsiku limene wafuna, ankayenda mwakachetechete popanda phokoso la agalu ndi ana, ndipo akapha gwape kapena kalulu panalibe womuwerengera nthuli. Pa uzimba zinthu sizidali choncho. Malinga ndi m'mene ankatiuzira agogo anga aamuna, nyama idali ya amene wayamba kuilasa, wachiwiri ankalandira mwendo, ndipo mwini tchire ndi mfumu adali ndi gawo lawo. Kagawidwe kankasiyana mudzi ndi mudzi, koma mfundo idali imodzi: wotsogoleredwa amalipira. Malipiro a masiku amenewo adali nyama, a lero ndi madola.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu ankavomera kulipira? Yankho lagona m'tchire lenilenilo. Amene adafikako kumadzulo kwa boma lathu, cha kumalire ndi Zambia, akudziwa kuti nkhalango ya kumeneko imafanana mbali zonse. Mitengo ndi yomweyomweyo, madambo ndi ofanana, ndipo dzuwa likafika paliwombo munthu sadziwanso kumene wachokera. Zizindikiro ndi mapiri owerengeka monga Miondwe ndi Wangombe Rume, ndi mitsinje ya Dwangwa ndi Lingadzi, imene m'chilimwe imasanduka mchenga ndi zithaphwi zapatalipatali. Wotsogolera ankadziwa pokumba madzi. Ankayesa mphepo pomwaza phulusa kapena fumbi. Ankaona ndowe n'kudziwa ngati nyama yadutsa m'mawa womwewo kapena dzulo. Ankadziwanso kuti njati yolasidwa siithawa mpaka kale, koma imabisala pafupi ndi mapazi ake n'kudikira woitsatira. Nzeru zotere munthu sazipeza chaka chimodzi, ndipo safunsa adadya phula.

Palinso china chimene achinyamata amaiwala: kupha nyama ndi chiyambi chabe cha ntchito. Ntchefu yamphongo imatha kupitirira makilogalamu 500. Mlenje amene waigwetsa ali yekha, mtunda wa tsiku lathunthu kuchokera kumudzi, ali pamavuto. Asende, atumbule, adule, ayatse moto, aiwambe, uku miimba ikuzungulira kumwamba, afisi akuyembekezera mdima. Agogo ankasimba za msuweni wawo wina amene adapha mphalapala ali yekha chifukwa chosafuna kugawana ndi anthu. Adanyamula mwendo umodzi, n'kupita kukaitana abale. Pobwerera m'mawa mwake adapeza nyanga ndi ziboda. Amene adakana kupereka mwendo umodzi kwa mwini tchire adapereka miyendo itatu kwa afisi.

Pa njovu mpamene panalibe kukambirana konse. Njovu inkasakidwa ndi gulu lokhala ndi mtsogoleri wake, amene m'madera ambiri ankatchedwa fundi. Mnyamata wofuna ntchito imeneyi ankayamba ndi kunyamula kamba ndi wonga, n'kutsatira fundi zaka zingapo asadaloledwe kuwombera. Ankatemeredwa mphini za mankhwala pamkono, n'kuphunzitsidwa miyambo ya ntchitoyo. Njovu ikagwa, nyanga imene yakhudza pansi idali ya mfumu mwini dziko, ndipo inayo idali ya alenje. Lamulo la nyanga ya pansili lidali lodziwika m'maiko ambiri a kuno, kuyambira kunyanja mpaka ku chigwa cha Luangwa ndi ku Zambezi.

Minyanga imeneyi ndiyo idakweza ufumu wa Mwase. M'zaka za m'ma 1800 Kasungu adali panjira ya malonda yochokera ku Luangwa kupita ku Nkhotakota, kumene kunkakhala Jumbe, ndipo kuchokera kumeneko katundu ankaoloka nyanja kulowera ku gombe la nyanja ya mchere. Abisa ndi Aswahili ankabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, n'kutenga minyanga ndi akapolo. Tisabise, malonda amenewa adali ndi misozi ya anthu ambiri. David Livingstone adafika kwa Mwase m'chaka cha 1863 potsata njira yomweyi. Mfuti zogulidwa ndi minyanga zidathandiza Achewa a ku Kasungu kugonjetsa Angoni pa nkhondo imene dzina la Nguru ya Nawambe likutikumbutsa mpaka lero. Motero mfumu idali ndi chifukwa chachikulu choyang'anira amene akulowa m'tchire lake. Mlendo, kaya akhale katswiri wotani, ankayamba wafika kwa mfumu, ndipo mfumu inkamupatsa anthu omuperekeza. Operekezawo ankamulondolera njira, komanso adali maso a mfumu.

Zonsezi zidasintha kumapeto kwa chaka cha 1895, pamene asilikali a boma la Angerezi adathira nkhondo Mwase Chibisa n'kumugonjetsa. Pamalopo adamangapo linga lotchedwa Fort Alston. Kuyambira pamenepo mwini nyama sadalinso mfumu koma boma. M'chaka cha 1922 anthu adasamutsidwa kumadzulo kwa Kasungu chifukwa cha matenda a kaodzera amene amafala ndi kashembe, ndipo dera lija lidasanduka nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 lidakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970, dziko litadzilamulira, lidakhala Kasungu National Park, ya makilomita oposa 2,000 m'bwalo lake, yachiwiri kukula pambuyo pa Nyika. Lamulo la nyama la 1926 lidaletsa njira zambiri za makolo zosakira, monga maukonde, mbuna ndi misampha, ndipo lidafuna chiphaso cholipira. Amishoni ena ndi mabungwe a anthu akuda adalitsutsa kwambiri, ponena kuti likuteteza nyama zimene zikudya minda ya anthu.

Apa pali chinthu chimene mabuku a sukulu sankatiuza. Azungu amene ankagula ziphaso zosakira sankayenda okha. Kutsogolo kwa mzungu aliyense wa mfuti kudali munthu wakuda wolondola mapazi, ndipo kumbuyo kwake kudali amtengatenga. Nzeru za fundi zidapitirira kugwira ntchito, kungoti tsopano mwini nzeruyo adasanduka wantchito. Ngakhale Norman Carr, amene mu 1950 adagwirizana ndi Mfumu Nsefu ku Luangwa kutsegula msasa woti alendo azibwera kudzaona nyama m'malo mozipha, ndipo pambuyo pake adatchuka ndi maulendo oyenda pansi m'tchire, adamanga ntchito yake pa maso ndi makutu a anthu a m'chigwacho.

Koma kwa munthu wamba zotsatira za malamulo aja zidali zina. Uzimba sungabisike: uli ndi moto, agalu, mfuu ndi chikhamu cha anthu. Choncho udali woyamba kufooka, ndipo kumene udapitirira udatsala wa akalulu ndi agwape. Amene adapulumuka ndi mlenje woyenda yekha, wa usiku, wosalawira mfumu, wosathira nsembe, wosagawira mnzake. Khwekhwe la luzi lidasanduka la waya, limene silisankha yaikazi, yabere kapena mwana. Ndiye kunena kuti lamulo lofuna kuteteza nyama lidachotsa munthu yemwe uja amene ankati, "Lero takwana, tiyeni kumudzi," kapena, "Dambo ili tilisiye chaka chino." Ine ndikuona kuti ntchito yaikulu ya wotsogolera idali imeneyi, kuposa kulondola njira. Iye adali malire a dyera la anzake.

Mbadwo wanga udaona mathero ake ndi maso. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya adafalikira m'zigwa za Kasungu, mitengo idagwa kuti ikhale nkhuni za m'mabalani ndi milimo ya zigafa, ndipo anthu ochokera m'maboma ena adadza kudzagwira ntchito. Kunja kwa paki nyama zikuluzikulu zidatha. M'kati mwa paki njovu zidali zoposa 1,000 m'zaka zimenezo, koma opha nyama mozemba, a kuno ndi a kutsidya kwa malire, adazipulula kotero kuti pofika 2015 zidatsala pafupifupi 50. Mu 2017 lamulo la nyama zakutchire lidakhwimitsidwa, ndipo wopezeka ndi mlandu waukulu atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera ku Kasungu. Kubwerako kudadzetsa chimwemwe ndi maliro omwe, pakuti njovu zina zidatuluka m'paki n'kuononga minda ndi nkhokwe, ndipo anthu ena a m'midzi yoyandikana nayo, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, adataya miyoyo. Walira mvula walira matope, koma matopewo asamagwere osauka okha.

Lero m'paki ya Kasungu simuloledwa kusaka. Wopita kumeneko amapita kukaona, ndipo akafuna kuyenda pansi cha ku Lifupa kapena kukaona ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo, amayenda ndi msilikali wa paki wonyamula mfuti. Ndikamuona msilikali wotere akuwerama kuyang'ana ndowe, kenaka n'kutukula dzanja kuti alendo aime, ndimaona fundi wa masiku a Mwase atavala yunifolomu. Ndipo ku America komweko nzeruyi aidziwa: m'chigawo cha Wyoming lamulo limati mlendo wochokera kunja kwa chigawocho asasake nyama zikuluzikulu m'nkhalango zina za m'mapiri popanda womutsogolera. Akadamva zimenezi agogo anga akadangogwedeza mutu, n'kunena kuti azungu aja adachedwa kuzindikira.

Tsono iwe mwana wanga wa ku Colorado, yankho langa nali. Makolo sadanyoze mlenje woyenda yekha. Ankamulemekeza, malinga akhale kuti adayamba wanyamulira fundi kamba, akulidziwa tchirelo ngati kuseri kwa nyumba ya amake, ndipo nyama imene akuifuna ndi yoti angathe kuisenza. Udzifunse mafunso atatu amenewa. Kodi phirilo udaliyendapo nyengo zonse, ndi ya chisanu yomwe? Kodi ukathyoka mwendo kumtunda kumene foni siigwira, adzakunyamula ndani? Kodi nyama ya makilogalamu 300 ikagwera m'chigwembe dzuwa likulowa, idzafika bwanji kumsewu isadaonongeke? Ngati pa limodzi mwa mafunsowa wakanda m'mutu, lipira wotsogolera chaka chino, ndipo usamutenge ngati wantchito wako koma ngati mphunzitsi. Uzimufunsa chifukwa chimene waimira, chimene wakhotera, chimene waletsera kuwombera. Zaka zikapitapo udzayenda ndi anzako popanda kulipira, ndipo tsiku lina udzatsogolera mwana wako. Madola ukuwadandaulawo ndi mwendo uja wa mwini tchire. Upereke ndi mtima woyera, chifukwa afisi salandira mwendo umodzi.

Akuluakulu anzanga a kwa Kaomba, kwa Lukwa, kwa Chulu ndi kwa Santhe amene mudaona uzimba muli ana, ndilembereni m'mene nyama inkagawidwira kwanuko, tisunge zimenezi adzukulu athu asadaiwale kuti kuyenda awiri si mantha.