Single malt ndi blended malt

Iyi ndi mitundu iwiri ya whisky wa ku Scotland wopangidwa ndi chimera cha balele chokha. Malamulo a 2009 amati single malt atchezedwe pa fakitale imodzi m'miphika, akhale m'migolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera 3, ndipo mphamvu yake isatsike pa 40 peresenti. Blended malt ndi single malt wa mafakitale awiri kapena oposerapo wosakanizidwa, monga Monkey Shoulder ndi Johnnie Walker Green Label. Kale ankamutcha vatted malt. Zaka zolembedwa pa botolo ndi za whisky wamng'ono kwambiri amene ali m'menemo.

Polawa amathira pang'ono m'tambula yopapatiza kukamwa, kununkhiza kaye, kenako kudonthezamo madzi pang'ono kuti fungo lituluke. Madzi oundana amabisa fungolo. Poyerekeza amayamba ndi wofatsa, monga Glenfiddich wa ku Dufftown, amene amamveka ngati zipatso, n'kumalizira wa utsi, monga Laphroaig wa pachilumba cha Islay. Utsiwo umachokera ku dothi loyaka lotchedwa peat, limene amasonkhera poumitsa chimera. Ukayamba ndi whisky wa utsiyu, lilime silimvanso zina. Mgolo nawo umasiya chizindikiro: umene munali mowa wa bourbon umapereka kafungo ka vanila, umene munali vinyo wa sherry ka zipatso zouma.

Ambiri amayesa single malt ndiye wapamwamba nthawi zonse, koma dzinali limangonena kumene wachokera. Blended malt wosakanizidwa mwaluso amaposa ma single malt ena.