Kodi galimoto ya "edição especial" ndi yotani?

Amene akusaka galimoto ku Lichinga, kapena kuitanitsa kuchokera ku Joni ndi ku Japan, amamva ogulitsa akunena kuti iyi ndi "edição especial" kapena "special edition", ndipo mtengo umakwera pomwepo. Mawuwa amatanthauza galimoto imene kampani yaipanga mosiyanako ndi zinzake za mtundu womwewo, kwa kanthawi kochepa kapena zowerengeka chabe.

Galimoto za mtundu umodzi zimatuluka m'magulu. Ina imakhala yantchito, ya mipando ya nsalu ndi malimu achitsulo. Ina imakhala ndi mipando yachikopa, wailesi yamakono ndi magetsi owala kwambiri. Magulu amenewa amagulitsidwa chaka ndi chaka. Yapadera imasiyana nawo pa zinthu zitatu: zowonjezera zake zimaikidwa ku fakitale, kampani imaipatsa dzina lakelake, ndipo ili ndi malire a nthawi kapena a chiwerengero.

Chitsanzo chodziwika ndi Toyota Hilux yopangidwa ku Durban. Hilux inayamba kugulitsidwa ku South Africa mu 1969, ndipo pokumbukira zimenezi Toyota inatulutsa Legend 35 mu 2004, Legend 45 mu 2014 ndi Legend 50 mu 2019. Pa Legend 50 zimene zinasintha kwambiri ndi zooneka ndi maso, monga kumaso kwa galimoto, malimu ndi zokongoletsa. Injini ya dizilo ya 2.8 inali yomwe ija ya mu Hilux Raider. Chaka chomwecho kunatulukanso Hilux GR Sport, zokwana 600 zokha, yomwe inasinthidwa ndi mashoko omwe.

Apa ndi pamene wogula wa ku Msumba ayenera kuchenjera. Msewu wa dothi wochoka ku Metangula kupita ku Cóbuè sufunsa dzina lolembedwa pachitseko. Galimoto yonyamula matumba a chimanga, chinangwa kapena usipa m'nyengo ya dzinja imadalira masipulingi, matayala, kutalika kwake kuchoka pansi ndi magiya okokera matayala onse anayi. Ngati zowonjezerazo ndi utoto ndi mipando basi, katundu amene inganyamule ndi yemweyo. Komanso nyali kapena bampala ya galimoto yapadera ikasweka, ina yofanana nayo imavuta kupeza ndipo imadula.

Zomata ndi mabaji zimagulitsidwa paliponse, ndipo aliyense angathe kuzimata pa galimoto wamba. Umboni weniweni ndi nambala ya chasisi. Galimoto za ku South Africa zili ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17, pomwe zopangidwira msika wa ku Japan zili ndi yaifupi. Toyota imaikanso chikwangwani chaching'ono mu boneti kapena pamphuthu ya chitseko, chosonyeza mtundu wa galimoto, utoto ndi za m'kati mwake. Nambala ya chasisi iyenera kufanana ndi yolembedwa mu livrete, ndipo ogulitsa ovomerezeka a kampaniyo angathe kuigwiritsa ntchito kutsimikiza mmene galimotoyo inatulukira ku fakitale.

Musanaonjeze meticais chifukwa cha dzina, funsani wogulitsa atchule chimodzichimodzi zimene zinawonjezedwa, ndipo mupite ndi makaniko wanu akaone pansi pa galimotoyo.