Ndani amalipirira mwana wobwereza kalasi yomaliza?

Aphunzitsi amene anayamba ntchito chaka cha 2004 chisanafike akukumbukira kuti kubwereza kalasi sikunali kwachilendo. Lamulo la maphunziro la 1983, limene linakonzedwanso mu 1992, linagawa pulayimale pawiri: EP1, kalasi 1 mpaka 5, ndi EP2, kalasi 6 ndi 7. Kumapeto kwa gawo lililonse kunali mayeso, m'Chipwitikizi. Mwana akalephera, kholo linkalipiranso ndalama yolembetsera chaka chinacho, boma nalonso n'kulipira mphunzitsi womuphunzitsa zomwezo kachiwiri. Kuno ku Mualadzi, kumene mabanja ankangobwerera kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi ndi ku Zambia pambuyo pa mgwirizano wa ku Roma wa 1992, ndalamayo sinali yamasewera. Kulephera kamodzi kunkatha kukhala kutsanzikana ndi sukulu.

Nthawi yomweyo bungwe la INDE linkayesa njira ina. Kuyambira 1993 mpaka 1997, pulojekiti ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, ndiponso m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Funso lake linali lakuti, kodi mwana amalephera chifukwa cha mutu wouma, kapena chifukwa chosamva chilankhulo cha mphunzitsi? Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma.

Kenaka zinthu zinasintha motsatizana. Mu 2003 momwemo boma linayamba kutumiza ndalama ya ADE kusukulu. Mu 2004 kunabwera silabasi yatsopano yogawa makalasi m'magulu atatu (1–2, 3–5, 6–7), yolola mwana kupitirira m'kati mwa gulu popanda kumuimitsa chaka chilichonse. Posakhalitsa malipiro a pulayimale anathetsedwa. Kuyambira pamenepo wobwereza anakhala katundu wa boma: buku laulere, malo m'kalasi, nthawi ya mphunzitsi.

Chiwerengero cha obwereza chinatsikadi. Koma ife a choko m'manja tikudziwa kumene vutolo linapita. Silinathe, linangosamukira kumapeto. Mwana amene sanagwire bwino kuwerenga m'kalasi 2 ankayenda ndi anzake mpaka kukagunda khoma pa mayeso, ndipo pofika apo ndi wamkulu kale, wolima yekha, mwina wofunsiridwa kumene. Ndikuona kuti boma linachita bwino kuchotsa malipiro, koma linachepetsa obwereza msanga kuposa mmene linakonzera aphunzitsi owathandiza.

Lamulo 18/2018 linasunthanso malire. Pulayimale tsopano imathera kalasi 6, kalasi 7 inapita ku sekondale kuyambira 2023, ndipo mwana akuyenera kuphunzira mpaka kalasi 9. Kwa ife a zilankhulo ziwiri, tanthauzo lake ndi ili: mwana amene amayamba kuwolokera ku Chipwitikizi m'kalasi 4 watsala ndi zaka zitatu, osati zinayi, kuti akumane ndi mayeso omaliza.