Mayendedwe atatu amene anatenga dzina la wansembe

Tchesi inabadwira ku India zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Inadutsa ku Persia, Aarabu n'kuifikitsa ku Spain. Nthawi imeneyo masewerawa anali a pang'onopang'ono, chifukwa kachidutswa kamene lero timati mfumukazi kankayenda bokosi limodzi lokha, chopingasa.

Zinthu zinasintha ku Valencia cha m'ma 1475. Mfumukazi inaloledwa kuthamanga bolodi yonse, bishopu nayenso anamasulidwa. Mwadzidzidzi munthu ankatha kugonja masewera asanatenthe n'komwe, ndipo apa ndi pamene anthu anayamba kuphunzira mosamala mayendedwe oyambirira. Otchuka kwambiri ndi awa: msilikali wa kutsogolo kwa mfumu apita pa bokosi la e4, hatchi ilumpha pa f3, bishopu aima pa b5 kuopseza hatchi imene ikuteteza msilikali wa mdani pa e5.

Anthu ambiri amawatchula ndi dzina la Ruy López, wansembe wa ku Zafra amene anawalemba m'buku lake mu 1561. Koma ulemuwu anangoutola. Mayendedwewa analipo kale m'buku la Lucena la 1497, ndipo akatswiri ena amati Lucenayo anakopera zambiri kwa Francesc Vicent, amene buku lake la 1495 linasowa. Wansembeyo ankangofuna kutsutsa Pedro Damiano wa ku Portugal, yemwe ankati kuteteza msilikali wa e5 ndi hatchi pa c6 ndilo yankho labwino. Damiano ndiye ankanena zoona, ndipo mpaka lero akatswiri amayankha choncho.

Mu 2000 ku London, polimbirana ukatswiri wa dziko lonse ndi Garry Kasparov, Vladimir Kramnik anafukula njira yakale ya Berlin yodzitetezera ku mayendedwewa. Kasparov sanapambane ngakhale masewera amodzi, ndipo ukatswiri wa dziko lonse unamuchoka.

Kuno kwathu, Amon Simutowe wa ku Zambia anafika pa udindo wapamwamba wa Grandmaster, ndipo Susan Namangale, amene anatsogolerapo bungwe la tchesi la m'Malawi la Chessam, wakhala akufikitsa tchesi m'masukulu. Koma ku Chimaliro ku Thyolo, wothyola tiyi akaweruka amakhala pa bawo, kuwerengera nkhomo mayendedwe angapo kutsogolo. Luso limenelo ndi lomwe tchesi imafuna. Aphunzitsi ndi eni minda ya tiyi, gulani mabolodi, ana a ku Chimaliro aphunzire e4.