Aneneri sanabwere ndi TV: mbiri ya "otumidwa" m'chigwa cha Shire

Pa depoti ya minibasi pa Nchalo kapena pansi pa mtengo pa Bangula, nkhani ikafika pa aneneri sipalephera wina wonena kuti zonsezi n'zadzana. Amati makolo athu ankapembedza mwamtendere, achinyengo achita kubwera ndi TV, mafoni ndi masuti onyezimira. Mawuwa amakoma m'khutu, koma mbiri ya Chikwawa ndi Nsanje siwavomereza. Anthu onena kuti "ndatumidwa" akhala akuponda m'chigwachi kuyambira kalekale, ena oona mtima, ena ongofuna podyera. Kusiyana kwake n'koti kale wotumidwayo ankakumana ndi omufunsa mafunso.

Tiyambire ku Khulubvi, nkhalango yopatulika ya m'boma la Nsanje kumene kuli kachisi wa Mbona, mlauli wa mvula wa Amang'anja. Nkhani za pakamwa zimati Mbona anathawa adani ake mpaka anaphedwa, ndipo mutu wake unaikidwa m'nkhalangoyo. Wansembe wa Katolika wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anafika m'dziko muno mu 1955 n'kugwira ntchito m'chigwachi, anasonkhanitsa nkhanizi m'buku lake la River of Blood la mu 1992. Chimene chimandigwira mtima m'mbiri ya kachisiyu ndi kugawana kwa mphamvu. Wobwebweta, amene mzimu wa Mbona unkamugwera, sanali mwini kachisi. Osunga kachisi analipo awoawo, mafumu monga Lundu, Ngabu ndi Tengani anali ndi mbali yawo, ndipo uthenga ukabwera akuluakulu ankausinkhasinkha kaye anthu asanautsate. Munthu mmodzi sankalota yekha, kumasulira yekha, n'kulandiranso yekha nsembe.

Komabe odzikhulupirira analipo. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anakumana ndi mfumu Chibisa kufupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Chibisa anamufotokozera kuti bambo ake atamwalira anamva mphamvu ikulowa m'mutu mwake n'kutsikira kumsana, ndipo ankanena zimenezi ngati nkhani yosafunika kuikayikira.

Mu 1911 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo loletsa kumwetsa mwabvi ndi kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Mantha a ufiti sanathe ndi pepala. Cha m'ma 1933 ndi 1934 kunabuka mchape, umene unayambira ku Mulanje, dera loyandikira chigwachi, n'kufalikira mpaka ku Zambia ndi maiko ena oyandikana nafe. Ochapa mudzi ankaimika anthu pamzere, kuwayang'ana pa kalilole, kuwalamula kutulutsa nyanga ndi zithumwa, kenako kuwamwetsa mankhwala ofiirira. Ankalonjeza kuti ufiti watha basi. Wokana kumwa ndiye ankaoneka mfiti. Msampha uwu tiusunge m'maganizo chifukwa sunachoke: kukayika kwenikweniko kunasanduka umboni woti wokayikayo ndiye woipa.

Zaka zotsatira mipingo inachuluka. Dayosizi ya Katolika ya Chikwawa inakhazikitsidwa mu 1965, mipingo ya chipentekosite inamera m'midzi ya Nsanje, ndipo kuyambira cha m'ma 1986 anthu miyandamiyanda othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza misasa ngati wa Mankhokwe, atasenza chisoni chawo ndi mapemphero awo. Nthawi yomweyo Edzi, imene inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, inali itayamba kudula anthu.

Ndiye kunabwera chaka cha 1995. Bambo wina wa kumudzi m'boma la Machinga, kufupi ndi Liwonde, ananena kuti m'maloto anaonetsedwa mtengo umene makungwa ake amachiza Edzi. Anthu anawatcha mankhwalawo mchape, dzina lomwe lija la m'ma 1930. M'miyezi yochepa chabe, anthu pafupifupi 300,000 ochokera m'zigawo zonse anakhamukira kumudziko. Analipo apamalole, apamabasi, apanjinga, ena atanyamulidwa chifukwa cholephera kuyenda. Panali aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi, akhristu ndi asilamu, aliyense kudikira pamzere kapu yake ya madzi ofiirira. Mankhwala otalikitsa moyo kunalibe m'zipatala zathu nthawi imeneyo, maliro anali tsiku ndi tsiku, ndiye sindingamuseke aliyense amene anapitako. Munthu amene akumira sasankha chogwira.

Nkhaniyi imatiphunzitsa zambiri chifukwa bamboyo sanali ngati aneneri amene timawadandaula lero. Sankalipiritsa, ndipo ankalangiza anthu kusiya chiwerewere. Mwina ankakhulupirira ndi mtima wonse zimene analota. Koma kachilombo sikanachoke m'magazi a omwe anamwa, maliro anapitirira, ndipo amene anabwerera kwawo akudziyesa ochira anaika akazi ndi amuna awo pachiswe. Choncho funso loti "kodi akufuna ndalama?" silokwanira. Pali lina loposa apo: kodi zimene akunenazi akulola kuti wina aziyese? Pamzere uja panalibe malo a munthu wofunsa, chifukwa khamulo palokha linkaoneka ngati yankho.

Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa mu 2004, ndipo anthu amene anali atagonekedwa pamphasa anadzuka n'kubwerera kumadimba. Ufulu umene unadza ndi 1994 unali utatsegulanso khomo loti aliyense akhoza kuyambitsa mpingo wake. Ufuluwo ndi wabwino, ndipo azibusa ambiri m'chigwachi ndi anthu okhulupirika amene amayenda wapansi kukaika maliro opanda cholowa. Vuto, m'kuona kwanga, ndi mpingo umene mneneri ndiye woyambitsa, msungichuma, woweruza milandu ndi womasulira maloto. Alibe akulu ampingo omudzudzula, alibe sinodi, ndipo nyakwawa imaopa kumuitanitsa kubwalo.

Aneneri otere amadziwa nyengo yawo. Madzi osefukira a mu January 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasiya mabanja a ku Makhanga ndi madera ena m'misasa, opanda mbuzi, opanda nkhokwe. Munthu wotaya zonse amafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo wofulumira kuyankha amapezeka. Amamuuza kuti pali temberero la kumtundu. Amamuuza kuti agogo ake a pakhomo ndiwo akumanga mwayi wake, ngakhale kuti lamulo la 1911 lija likadaletsabe kunena zotero. Botolo la mafuta odzozedwa lili ndi mtengo wake, kuonana ndi "papa" paokha kulinso ndi mtengo wake, ndipo kandalama ka Mtukula Pakhomo kamathera pa "kubzala mbewu".

Mukamacheza ndi amene anatuluka m'mipingo yotere, mawu amodzi amabwerezedwa: "Mtima unkandiuza." Unkawauza tsiku limene anaitanidwa kukapemphereredwa usiku kuchipinda, mwamuna wawo osauzidwa. Unkawauza pamene analamulidwa kuleka kudya kwa mayi awo owabereka. Unkawauzanso atagwira botolo la mankhwala m'manja, akuuzidwa kuti kumwa ndiko kusakhulupirira. Mneneri woipa amadziwa kuti mlonda yekhayo amene watsala ndi chikumbumtima cha munthuyo, n'chifukwa chake amayamba ndi kuchitontholetsa. Amati munthu wa Mulungu safunsidwa, kukayika n'kwa Satana, wochoka adzaona malodza. Chonsecho Baibulo lomwe ali nalo m'manjalo limalangiza okhulupirira kuyesa mizimu.

Sindikunena kuti mtima sulakwa. Mtima womwewo ndi umene umachita mantha n'kukhulupirira mphekesera, ngati za anamapopa zimene zinaphetsa anthu osalakwa m'chigawo cha kummwera mu 2017. N'chifukwa chake kukayika kumafuna kukanenedwa kwa wina: ankhoswe, mlangizi wa zaumoyo, m'busa wa mpingo wina, mfumu. Ku Khulubvi ntchito imeneyi inali ndi eni ake. Lero munthu amayenera kudzifunira yekha womufunsa nzeru, ndipo ambiri amachita manyazi mpaka matenda atakula. Amene anasiya ma ARV akabwerera kuchipatala amalandiridwa n'kuyambiranso kumwa, ngakhale kuti ena amapezeka kachilombo katayamba kupima mphamvu mankhwala oyamba aja, ndipo amayenera kusinthiridwa ena.