Piecework, mawu a m'makomboni a Lusaka

Kwa eni Chingerezi, piecework ndi ntchito yolipidwa powerengera zimene munthu wapanga, osati maola amene watha. Telala wosoka malaya khumi amalandira za malaya khumiwo basi. Pofika ku Kanyama, Chawama ndi George, mawuwa anatambasuka. Amamveka ngati pisiweki, ndipo amatanthauza ntchito iliyonse ya kanthawi kochepa: kukumba dzenje la chimbudzi, kuchotsa zinyalala m'ngalande mvula ikayandikira, kukankha wilibala pamsika wa Soweto, kapena mayi wochokera ku Mtendere kukachapa zovala ku Kabulonga. Ku Malawi amati ganyu, ku Zimbabwe maricho.

Mvetserani mmene anthu amawatchulira. Munthu akati ali ndi kapisiweki, ka- ameneyu amachepetsa ntchitoyo, mwinanso dala, kuti achibale asayambe kupempha. Akati akungogwira mapisiweki, akukuuzani mwaulemu kuti sali pantchito. Wolembedwa ntchito amadikira malipiro a kumapeto kwa mwezi ndipo amasonkha ku bungwe la penshoni la NAPSA. Wa pisiweki amagwirizana mtengo m'mawa, madzulo n'kulandira m'manja.

Moyo wotere unafala kwambiri ku Zambia m'zaka za m'ma 1990, boma la Frederick Chiluba litagulitsa makampani aboma, anthu ambiri n'kuchotsedwa ntchito. Lamulo la ntchito la 2019 limaletsa kulemba munthu ngati waganyu pantchito yokhazikika, komabe olemba ntchito ena amawakonda mawu akuti pisiweki chifukwa salonjeza tchuthi kapena penshoni.